Kuyimba nawo pa konsati ya pabwalo ku Mumbai: polowera, pokhalira chete ndi powerengera

Funso ili labwera kambirimbiri, makamaka kuchokera kwa ophunzira amene angofika kumene ku India ndi ena obwera pa ntchito: "Anzanga andigulira tikiti ya konsati ya pabwalo, akuti khamu lonse limayimba nawo. Ine Chihindi sindichidziwa. Ndikangoima ngati chitsa?" Ayi, simukaima ngati chitsa. Chilankhulo si chimene chimagwetsa alendo ambiri. Chimawagwetsa ndi kusadziwa polowera. Munthu amaloweza mawu onse bwinobwino, koma woyimba akaloza maiki ku khamu, iye amalowa mochedwa kapena mofulumira, kenaka manyazi amugwira, watseka pakamwa mpaka konsati kutha. Ndiye ndalemba zonse pano kamodzi. Ndatenga Mumbai ngati chitsanzo, koma zambiri mwa izi mukazipezanso ku Delhi, Pune kapena Kolkata.

1. Yambani mwadziwa mtundu wa konsati imene mukupitako

Si konsati iliyonse imene anthu amayimba nawo, ndipo kulakwitsa apa n'kochititsa manyazi kuposa kuphonya mawu.

Makonsati a nyimbo za m'mafilimu ndi za achinyamata, amene amachitikira pa mabwalo akuluakulu monga MMRDA Grounds ku Bandra Kurla Complex, Mahalaxmi Racecourse kapena DY Patil Stadium ku Nerul, ndiwo kwawo kwa kuyimba nawo. Kumeneko woyimba amasiya dala mizere yathunthu kuti khamu limalize. Pa bhajan, kirtan ndi abhang, zomwe ndi nyimbo zachipembedzo cha Chihindu, wotsogolera amayimba mzere, anthu n'kuvomera. Zimenezi inu mukuzidziwa kale, ndi mmene timayimbira kwathu pa maliro ndi pa chinkhoswe. Pa qawwali ndi ghazal khamu lili ndi mbali yake, koma ndi yopapatiza. Ndifotokoza pa nambala 8.

Koma mukaona pa chikalata cha konsati mawu akuti khayal, dhrupad kapena raga, mukaona pa steji anthu anayi kapena asanu atakhala pansi, kumbuyo kwawo kuli tanpura, chida cha khosi lalitali chongolira liwu limodzimodzi, dziwani kuti kumeneko sayimba nawo. Chikondwerero cha Sawai Gandharva ku Pune, chimene chinayamba mu 1953, chimasonkhanitsa anthu zikwizikwi, koma onsewo amakhala phee. Woyimba wa mtundu umenewu akupeka nyimboyo pompo, ndiye palibe amene angadziwe kumene akulowera. Omvera amangotulutsa "wah" kapena "kya baat hai", kutanthauza kuti "abale, izi ndiye zinthu", pamene chinthu chawakhudza. Ngakhale kung'ung'udza chapansipansi kumasokoneza woyandikana nanu. Kwa eni kulibe mkuwe.

2. Lowezani mukhda, zinazo zisiyeni

Nyimbo yachimwenye ya m'filimu ili ndi mamangidwe odziwika. Zida zimayamba zokha. Kenaka pamabwera mukhda, mawu ochokera ku liwu lotanthauza nkhope: mizere iwiri kapena inayi imene nyimboyo imadziwika nayo. Zida zimalowanso zokha, kenaka antara, ndime imene nthawi zambiri imakwera m'mwamba, ndipo pothera pake imatsetsereka kubwerera ku mukhda. Antara zimakhala ziwiri kapena zitatu. Kumwera kwa India mukamva pallavi ndi charanam, ntchito yake ndi yomweyi.

Kusiyana kwake ndi kolasi ya kwathu n'kwakuti mukhda imabwera poyambirira penipeni, osati pambuyo pa ndime yoyamba. Amene akudikira kuti "ndime ithe kaye" amapeza mbali yake yadutsa kale.

Pa konsati, oyimba ambiri amalumikiza nyimbo zingapo motsatizana, mukhda ndi antara imodzi basi, n'kulumphira ina. Choncho kuloweza nyimbo ziwiri zathunthu n'kutaya nthawi. Sankhani nyimbo 8 kapena 10 zotchuka kwambiri za woyimbayo, mulowezepo mukhda yokha. Imeneyo ndi mizere pafupifupi 30, yokwanira sabata imodzi ngati mukupatula mphindi 20 pa tsiku. Mverani zimene anajambula pa konsati ina, osati za mu situdiyo zokha, chifukwa pa steji liwiro limasintha ndipo kiyi ena amaitsitsa.

3. Konzani katchulidwe, muyambire pa zimene Chichewa chinakupatsani kale

Mawu a nyimbo mukawapeza pa intaneti atalembedwa m'zilembo zathu zomwezi. Palibe kalembedwe kamodzi kovomerezeka, ndiye khutu likhale patsogolo, pepala pambuyo.

Pali mwayi umene Mngelezi alibe. Chihindi chimasiyanitsa k ndi kh, p ndi ph, t ndi th, monga mmene ife timasiyanitsira kola ndi khola, pala ndi phala. Pal ndi kamphindi, phal ndi chipatso. Saat ndi 7, saath ndi pamodzi. Chimene alemba ch ndi ch wathu wa mu chala, ndipo chh ndi tch wa mu tchire. Apa musavutike, lilime lanu likudziwa kale. Chachilendo ndi bh, dh, gh ndi jh: tchulani b, d, g kapena j, mpweya n'kutsatira pompo, osaika a pakati.

Misampha yathu ili itatu. Woyamba ndi l ndi r. Kwathu mukati Lilongwe kapena Rirongwe aliyense amva, koma kuno kal ndi dzulo kapena mawa, pamene kar ndi chita. Baal ndi tsitsi, baar ndi ulendo wa kubwereza. Wachiwiri ndi kutalika kwa mavawelo: kam ndi pang'ono, kaam ndi ntchito. Wachitatu ndiye woopsa kwambiri pa kuyimba. Ife liwu lililonse timalitsekera ndi vawelo, ndiye dil, mtima, amasanduka dili, pyaar, chikondi, amasanduka piyara. Tanthauzo silitayika, koma mwawonjezera phatikizo limene mulibe m'nyimbo, ndipo mzere ukamatha mwatsalira. Yesezani kutseka liwu pa l kapena r, lilime likhale pomwepo mpaka liwu lotsatira.

Kanthu kena: n wa kumapeto kwa main, hain, mein ndi nahin satchulidwa, amangosonyeza kuti vaweloyo ipite m'mphuno. Ndipo hai amamveka ngati he wotalika, osati hayi.

4. Pezani sam. Apa ndiye pagona nkhani

Malangizo ambiri amangoti "tsatirani ng'oma". Uphungu umenewo suthandiza, chifukwa ng'oma ya ku India imayenda mozungulira, ndipo muyenera kudziwa pamene mkombero ukuyambira.

Mkombero umenewu umatchedwa taal. Kugunda kumodzi ndi matra. Kugunda koyamba kwa mkombero ndi sam, ndipo ndi pamene woyimba, ng'oma ndi zida zonse zimakumana. Chapakati pa mkombero pali khali, kutanthauza popanda kanthu. Tabla ndi ng'oma ziwiri: yaing'ono ya kumanja yolira mosongoka, ndi yaikulu ya kumanzere, bayan, yolira besi. Pa khali besi ija kawirikawiri imakhala chete. Oyimba tabla amatchula kaliridwe kake ndi pakamwa, ndipo lamulo lake n'losavuta: mawu oyamba ndi dh kapena g ali ndi besi, oyamba ndi t, n kapena k alibe.

Ma taal amene mukakumane nawo ndi awa.

Keherwa ali ndi matra 8, ogawika 4 ndi 4: dha ge na ti, na ka dhi na. Sam ndi dha woyamba, khali ali pa 5. Nyimbo zambiri za m'mafilimu, bhajan ndi qawwali zimayenda pamenepa. Mukangodziwa ameneyu yekha, mwadziwa gawo lalikulu la konsati.

Dadra ali ndi matra 6, ogawika 3 ndi 3: dha dhi na, dha ti na. Khali ali pa 4. Makutu athu anazolowera ng'oma zoyenda patatupatatu, ndiye ameneyu amakoma msanga. Vuto n'lakuti manja athu amayamba okha kuomba mopingasa, monga timachitira kwathu kuti nyimbo ikome. Kuno khamu limaomba molunjika, pa 1 ndi pa 4, ndipo wopingasa amamveka ngati wasochera.

Teentaal ali ndi matra 16, magawo anayi a 4. Amaomba pa 1, 5 ndi 13, ndipo pa 9 amatembenuza dzanja osaomba, chifukwa ndi khali.

Rupak ali ndi matra 7, ogawika 3, 2, 2: tin tin na, dhi na, dhi na. Uyu ndi wachinyengo: sam wake alibe besi. Mukafuna pogunda mwamphamvu kuti mupatche 1, mupeza 4, ndipo nyimbo yonse muyenda chotsimphina.

Tsopano chovuta chenicheni. Mukhda kawirikawiri siyambira pa sam. Imayamba sam asanafike, ndipo phatikizo limodzi lofunika la mzerewo ndi limene limatera pa sam. Tiyerekeze ndi mawu athu. Tinene kuti mzere ndi "tiye kwathu" ndipo taal ndi keherwa. Ti ali pa 7, ye ali pa 8, KWA watera pa 1, thu akutsatira. Munthu amene akudikira 1 kuti ayambe "ti" wachedwa ndi matra awiri, ndipo palibe pamene adzapezere anzake. Nyimbo zina zimachita mosemphana: sam amadutsa kaye, mawu n'kulowa pa 2 kapena pakati pa 1 ndi 2. Apo wofulumira ndiye amamveka yekha bwalo lonse lili chete.

Kunyumba chitani izi pa nyimbo iliyonse mwa zija mwasankha. Iseweretseni osayimba, mukungomenya ntchafu mofanana, mpaka dzanja likhazikike. Kenaka werengani mokweza kuyambira pamene besi yagunda kwambiri: ngati kagundidweko kakubwerera mutafika 8, ndi keherwa, pa 6, dadra, ngati pali chotsalira nthawi zonse, yesani 7. Mukatsimikiza 1, mverani mukhda katatu, mupeze phatikizo limene likugwera pa 1, mulizungulize ndi cholembera pa pepala lanu. Pomaliza werengani chobwerera m'mbuyo: mzerewo ukuyamba pa nambala iti? Lembani nambalayo kumayambiriro kwa mzere. Pepala lanu likhale ndi zinthu ziwiri pa nyimbo iliyonse, nambala yolowera ndi phatikizo lotera. Poyeseza, werengani mkombero wathunthu chamumtima, pumirani mpweya matra awiri musanalowe, lowani. Bwerezani kakhumi. Tsiku lachitatu simudzafunanso kuwerenga, thupi lidzakhala likudziwa.

Pa konsati pomwe pali zizindikiro zokuthandizani. Oyimba amagwedeza mutu kapena kugwetsa dzanja pa sam, ndipo amayang'anana. Pa bandi yaikulu, woyimba ng'oma zachizungu amamenya chimbale pa sam pamene gawo latsopano likuyamba. Ndiye pali tihai: kachidutswa ka ng'oma kapena ka nyimbo kobwerezedwa katatu ndendende, kachitatu n'kuthera pa sam. Mukamva chinthu chabwerezedwa kawiri mofanana, konzekani, chachitatu chikutha pa 1 ndipo mukhda ili pafupi. Anthu a kuno amachita kufuula tihai ikatera bwino, ndiye ngakhale mutasochera, mfuu imeneyo ikuuzani pamene 1 ali.

Mukataya malo pakati pa mzere, musathamangire anzanu. Khalani chete, dikirani sam wotsatira, mulowe pa phatikizo lija munazunguliza. Palibe amene amamva munthu amene wasiya. Amamveka ndi wothamangira.

5. Sankhani poima, ndipo dziwani kuti mawu amachedwa

Pabwalo palibe makoma obweza mawu, ndipo mtunda ndi waukulu. Mawu amayenda mamita pafupifupi 343 pa sekondi. Mukaima mamita 34 kuchokera pa masipika a pa steji, mukumva zimene zinachitika gawo limodzi mwa magawo 10 a sekondi lapitalo. Pa mamita 100 kuchedwako kumayandikira 0.3 ya sekondi. Nyimbo yogunda ka 100 pa mphindi, kugunda kumodzi ndi 0.6 ya sekondi, ndiye kuti amene ali kumbuyoko ali m'mbuyo ndi theka la kugunda. Masipika amene amaimikidwa pakati pa bwalo sathetsa zimenezi. Amawachedwetsa dala kuti agwirizane ndi mawu ochokera kutsogolo, apo ayi mukanamva liwu lililonse kawiri.

Kuwala ndiye sikuchedwa. N'chifukwa chake mukakhala kutali mumaona pa sikirini milomo ya woyimba ikutsogola, mawu akutsatira.

Ndiye mutsatire chiyani, maso kapena makutu? Zimatengera. Pamene bandi ikulira, tsatirani zimene mukumva pamene mwaimapo. Oyandikana nanu akumvanso zomwezo, ndipo ndi amene mukuyimba nawo. Mukatsatira sikirini mutsogola nokha. Koma pamene woyimba wazimitsa bandi kuti khamu liyimbe lokha, zinthu zimatembenuka. Aliyense amayamba kudikira kumva mnzake, akutsogolo akumva akumbuyo mochedwa, n'kuwadikira, ndipo nyimbo imakokeka mpaka kufa. Apa tsatirani dzanja la woyimba, kapena ng'oma imodzi imene aisiya ikugunda chapansipansi. Amaisiya pa chifukwa chomwechi.

Malo abwino kwa wofuna kuyimba nawo ndi pafupi ndi tebulo la osakaniza mawu, lija limakhala pakati pa bwalo moyang'anana ndi steji. Amene akukonza mawu akumvera pamenepo, ndiye ndi pamene zonse zimamveka molongosoka. Kutsogolo kwenikweni, pamaso pa masipika a besi, simudzimva nokha ngakhale pang'ono, ndipo munthu wosadzimva amakuwa. M'mphepete mwa bwalo mphepo imauluza mawu osongoka, kumatsala besi yokha, mawu a nyimbo osamveka. Onani mapu a magawo pa BookMyShow, tsamba la pa intaneti logulitsa matikiti, kapena pamene mwagula tikiti musanalipire, chifukwa pa makonsati ambiri simuloledwa kuchoka gawo lina kupita lina.

6. Mverani zimene woyimba akulamula

Ndi mawu ochepa, ndipo amabwerezedwa paliponse. "Sab saath mein" ndi tonse pamodzi. "Aap gaaiye" ndi yimbani inu. "Zor se" ndi mokweza. "Phir se" kapena "ek baar aur" ndi bwerezani. "Taaliyan" ndi m'manja. "Haath upar" ndi manja m'mwamba. Akati "sirf ladkiyan" akufuna atsikana okha, "ladke" ndi anyamata. Bambo amene sanamve zimenezi amatulukira yekha ndi besi pakati pa mawu a amayi, anthu n'kuseka.

Zambiri sanena ndi pakamwa. Maiki yoloza kwa inu ndi chilolezo. Dzanja pa khutu ndi kuti sakukumvani. Chikhatho chotambasula choyang'ana pansi ndi kuti tsitsani. Akatsinzina, n'kuyamba kukoka "aa" wopanda mawu komanso wopanda ng'oma, imeneyo ndi alaap, ndi yake yekha. Mumusiye.

Woyimba akayimba mzere n'kukupatsani kuti mubwereze, nthawi zina amayamba ndi wophweka, wachiwiri wopotapota, wachitatu wothamanga mwakuti palibe angauthe. Ndi masewera. Khamu limayesa, limagwa, onse n'kuseka. Nthawi zina amagwiritsa ntchito sa re ga ma pa dha ni, amene ndi do re mi awo. Ngati munaphunzira solofa ku kwaya, sa ndi do wanu, pa ndi so.

7. Yimbani liwu limodzi ndi anzanu, osaika alto

Chenjezo ili ndi la ife makamaka. Munthu wokulira m'kwaya ya kwathu akamva nyimbo kawiri, khosi limapeza lokha tena kapena alto. Kwathu ndi luso. Kuno nyimbo imamangidwa pa mzere umodzi wa maimbidwe, ndipo khamu lonse limayenda pa mzere umenewo. Nyimbo zambiri zatsamira pa raga, ndipo raga iliyonse ili ndi manoti ake ololedwa ndi ena amene sakhudzidwa n'komwe. Alto wanu wachibadwa akhoza kutera ndendende pa noti imene raga imeneyo imaipewa, ndipo woyandikana nanu akutembenukirani asakudziwa kuti chalakwika n'chiyani, akungomva kuti chawawa.

Kiyi ikakukwererani, tsikani okitevu yathunthu, osati kufunafuna liwu lapakati. Izi zimachitika kwambiri pa antara, komanso pa nyimbo za amayi za m'mafilimu akale zimene zimayimbidwa m'mwamba zedi. Sankhani okitevu yanu mukhda isanayambe, chifukwa kusintha pakati pa mzere ndi kumene kumathyola mawu.

Zokometsera musazitsatire. Woyimba amatsetsereka kuchoka pa noti ina kupita pa ina, chimene amati meend, kapena kupota timanoti tating'onoting'ono mofulumira, murki. Anthu zikwi sangapote pamodzi. Khamu limayimba mafupa a nyimbo, mnofu n'kusiyira mwini wake. Ndipo iye akachedwetsa dala mzere kapena kuusintha, inu khalani pa mayimbidwe odziwika aja. Akudalira inu kuti mugwire pansi pamene iye akusewera pamwamba.

8. Qawwali ndi ghazal zili ndi malamulo akeake

Gulu la qawwali limakhala pansi m'mizere iwiri: kutsogolo otsogolera ndi harmonium, kumbuyo ovomera oomba m'manja pamodzi ndi tabla kapena ng'oma ina yotchedwa dholak. Kuomba kwawo ndi chida, sikusintha liwiro mwachisawawa. Ngati mukuomba nawo, yang'anani manja a mzere wakumbuyowo, osati a woyandikana nanu. Mzere umodzi ukhoza kubwerezedwa kambirimbiri, ukukwera mphamvu, ndipo pamenepo ndi pamene khamu limalowa. Kenaka wotsogolera amadula, n'kulowetsa ndakatulo ina yosiyana, imene amati girah, mfundo. Apo khalani chete ndithu, chifukwa kukoma kwake kuli pa mmene ndakatulo yachilendoyo idzamangirire ku mzere uja. Ikamangika, ovomera amabwerera, inunso n'kubwerera. Kumbukiraninso kuti qawwali inachokera ku mapemphero a Asufi, gulu lina la Asilamu, ndipo zambiri ndi zotamanda Mulungu, Mtumiki ndi oyera mtima. Pa steji ya mu mzinda anthu amavina, koma nyimbo ikakhala yotamanda, onani kaye zimene eni ake akuchita.

Ghazal ndi ndakatulo ya Chiurdu ya mizere iwiriiwiri, ndipo awiri aliwonse, sher, ndi nkhani payokha. Mzere wachiwiri wa sher iliyonse umathera pa mawu amodzimodzi, radif. Woyimba amabwereza mzere woyamba kawiri kapena katatu, kukuchititsani njala, kenaka n'kumasula wachiwiri. Omvera odziwa amalowa pa radif pokha, mawu awiri kapena atatu omalizawo, kenaka "wah wah". Ndiye pa ghazal ntchito yanu ndi yochepa kwambiri: mverani sher yoyamba, imene mizere yake yonse iwiri imathera pa radif, mugwire mawuwo, muziwayembekezera. Musatsogole kunena mzere wachiwiri ngakhale mukuudziwa. Kuli ngati kuulula yankho la ndagi wofunsa asanamalize. Mukamva wina akufuula "mukarrar", akupempha kuti sher imeneyo ibwerezedwe.

Pa Navratri, chikondwerero cha masiku 9 a gule wa garba amene amagwa mu Seputembala kapena Okutobala, mabwalo a Mumbai amadzaza ndi ovina mozungulira, nyimbo zambiri zili m'Chigujarati. Kumeneko manja ndi mapazi ndiye zofunika kuposa pakamwa. Imani kunja kwa bwalo la ovina mikombero ingapo, muwerenge ngati akuomba kawiri kapena katatu, kenaka mulowe.

9. Sungani mmero, ndipo dziwani kuti 10 koloko ndi 10 koloko

Makonsati a pabwalo ku Mumbai amachuluka mvula ikatha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, chifukwa kuyambira Juni mpaka Seputembala kumagwa chimvula. Nyengo imeneyi ndi ya fumbi ndi utsi, ndipo bwalo lopondedwa ndi anthu zikwi limafuka. Imwani madzi masana onse musanapite. Mabotolo ochokera kunja kawirikawiri amawakaniza pa geti, ndipo mzere wogulira madzi m'kati ndi wautali. Tengani zotsekera m'makutu. Kuwonjezera pa kuteteza makutu, zimakuthandizani kudzimva nokha m'mutu, ndiye simukuwa. Mukaona kuti kukhosi kwayamba kukanda nyimbo yachitatu isanathe, mukuyimba mokweza kwambiri. Liwu la khamu limakula ndi kuchuluka kwa anthu, lanu silingawonjezere kanthu pokuwa. Siyani antara, muziyimba mukhda yokha, mawu asasase nyimbo zikuluzikulu zisanafike, pakuti zimenezo amazisunga kumapeto.

Malamulo a dziko la India a chaka cha 2000 oletsa phokoso salola masipika a pabwalo kuyambira 10 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa. Boma la chigawo likhoza kulola mpaka 12 koloko pa masiku osapitirira 15 pa chaka, pa zikondwerero. Ndiye konsati ikachedwa kuyamba, sikuti italikira kutsogolo, imadulidwa. Fikani msanga, ndipo musadabwe kuona nyimbo zomaliza zikuthamangitsidwa, mukhda yokhayokha motsatizana. Apa ndi pamene pepala lanu lija limagwira ntchito kwambiri, chifukwa nyimbo iliyonse ikungokupatsani mwayi umodzi wolowa. Khamu likafuula "once more" nthawi itakwana, woyimba ena amangotsogolera mzere umodzi, masipika n'kuzima, anthu n'kumaliza okha. Pamenepo palibe ng'oma, palibe sikirini yodalira. Menyani ntchafu, gwirani liwiro limene nyimbo inali nalo, musadikire kumva akumbuyo.

Pa konsati ya khayal chizindikiro chakuti zatha ndi china: woyimba akayamba raga Bhairavi, mwambo wake ndi wakuti imeneyo ndi yotsekera, ndipo sapemphanso ina pambuyo pake. Akayimba nyimbo ya fuko, imirirani njo, manja pansi. Imatenga masekondi pafupifupi 52.

Za kubwerera konzeranitu. Kuchokera ku DY Patil sitima ya Harbour Line mukwerera ku Nerul, ku Racecourse siteshoni ndi Mahalaxmi pa Western Line, ku Bandra Kurla Complex ndi Bandra, Kurla kapena Metro Line 3. Netiweki ya foni imadzaza anthu akamatuluka, ndiye gwirizanani ndi anzanu pokumana konsati isanayambe, ndipo tikiti ya sitima yobwerera muigule popita.